Kukapempha mphaka ku Nkando

Ndinanyamuka pakhomo Lachitatu cha m'ma sikisi koloko m'mawa, m'khwapa nditapanira thumba la saka lopanda kanthu, m'manja muli kajumbo kakuda. Mkazi wanga, make Limbani, sanandiperekeze ngakhale kufika pampanda pokha. Anangoima pakhomo la khitchini atagwira m'chiuno, n'kundiuza kuti zinatsala seventini, ndipo kuchotsapo zitatu zimene zinali m'kajumbomo zatsala fotini. Sanawonjezere mawu ena, inenso sindinafunse, chifukwa masabata amenewo moni wa m'nyumba mwathu unali umenewo.

Zimene ankawerengazo zinali ngala za chimanga cha mbewu. Si chimanga chogula m'sitolo ayi. N'chamakolo, chamaso ofiirira, chimene agogo ake anaoloka nacho Muloza atachimanga m'kapulana, chitenje cha kutsidyako. Chaka ndi chaka iye amasankha ngala makumi anayi zonenepa n'kuzikoleka kudenga la khitchini kuti utsi uzizifukiza mpaka mvula yodzalira. Chaka chino makoswe anapeza njira. M'mawa uliwonse tinkapeza chitsononkho chimodzi kapena ziwiri zili pansi, zoyera ngati wina wachita kuzitsuka, ndipo unali mwezi wa Okutobala, mvula ikadali kutali. Ndinayesa kunena kuti tingochitonola n'kuchitsekera m'chidebe, koma anandikumbutsa kuti chikachoka pautsi anankafumbwe amachipera ufa, ndiponso kuti chidebe cha mtedza makoswe omwewo anali atachiboola kale pansi.

Mphaka tinali naye, dzina lake Kapitawo, koma anafa, ndipo anafa chifukwa cha ine. Choncho mnzake wa mkazi wanga wa ku Nkando, Abiti Saidi, atavomera pafoni kuti angatipatse wina, panalibe zokambirana kuti apite ndani. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Kwathu ndi kuseri kwa minda ya tiyi, cha kumsewu wa ku Muloza. Njinga yamoto yopita pa Boma inandilipiritsa K1,500. Woyendetsayo anandipatsa moni wa Chilomwe, "Mosheliwa, aphunzitsi," kenako n'kufunsa ngati thumbalo ndikukatengera fetereza. Ndinayankha kuti eya, chifukwa munthu wamkulu, wopuma pantchito ya uphunzitsi, sungauze aliyense pamsewu kuti wavala jekete kukapempha mphaka. Phiri linali kudzanja lamanja, lotuwa ndi utsi wa moto wolusa. Tiyi yekha ndi amene anali wobiriwira, mizere yake yometedwa bwino, amayi othyola ali mbuu ndi madengu kumsana. Ndinaganiza kuti dzuwa lomwe linkandiwotcha pakhosilo masamba aja akulisunga, ndipo mwezi wamawa munthu wina kutsidya kwa nyanja adzalimwa m'kapu ali m'nyumba yozizira. Maganizo otere amandibwerera okha, ndi matenda a ntchito yakale.

Pa Boma ndinafika cha m'ma seveni. Oitanira minibasi anandilimbirana ngati ndine nyama ya pamaliro, wina wagwira thumba, wina dzanja. Ndinakwera yoyera yopita ku Limbe kudzera njira ya Midima, mtengo wa ku Nkando K2,500. Tinadikira mphindi makumi anayi kuti idzaze, ndipo ndinagula zitumbuwa ziwiri pawindo. Dalaivala atalowa, bambo wadazi wa mimba yake ndithu, anandiyang'ana pagalasi kawiri, kenako anatembenuka thupi lonse.

"Aphunzitsi! Simukundikumbuka? Ndine Mavuto, Sitandade sikisi. Munandikwapula chifukwa cha muvi."

Ndinamukumbuka. Anandisamutsira kumpando wakutsogolo, ndipo tisanafike n'komwe pa Chitakale anali atauza kale minibasi yonse nkhani ya muviwo. Masiku amenewo ndinkajambula pabolodi dzuwa, udzu, chiwala, nkhuku ndi munthu, n'kuika mivi pakati pake. Ana ambiri ankalozetsa muvi kuchoka kwa nkhuku kupita kwa chiwala, poganiza kuti nkhuku ndi imene ikuthamangitsa. Ine ndinkawauza kuti muvi suloza kothamangira, umaloza kumene mphamvu ikupita: ichoka padzuwa ilowa muudzu, ichoka muudzu ilowa m'chiwala, mpaka ikafike m'mimba mwa wodya nkhukuyo. Mavuto anati mpaka lero akaona nkhuku ikujompha chiwala, matako amamuyabwa. Anthu anaseka, inenso ndinaseka, ndipo mtima unali m'malo mpaka pamene anandifunsa za thumba.

Mwana amene unamuphunzitsa kumunamiza n'kovuta. Ndinaulula zonse, ndipo ndizifotokozanso pano monga ndinazifotokozera muja. Kuseri kwa khitchini yathu kunali mtengo wakale wa mapeyala, wamphako, ndipo m'mphakomo munkakhala akadzidzi awiri. Anakhalamo zaka, ife osawalabadira. Chaka chatha bambo wa nyumba yoyandikana nafe anamwalira atadwala nthawi yaitali, ndipo pamaliropo anthu anayamba kunong'onezana kuti mbalame za kwa aphunzitsi zinalira masiku atatu otsatizana. Palibe amene anandiloza chala, koma moni anayamba kufupika. Ine zamatsengazo sindizikhulupirira, koma ndimaopa kuyang'anidwa cham'mbali pachitsime ndi kutchalitchi. Ndinaitana anthu a macheka, mtengo unagwa, akadzidzi anapita.

Patangopita miyezi ingapo makoswe anachuluka moti Kapitawo yekha ntchito inamukulira. Ndiye tsiku lina la msika pa Chonde ndinakumana ndi bambo wa chimkuzamawu akugulitsa timapaketi ta mankhwala akuda, akulonjeza kuti khoswe akangolawa amafa ndi abale ake omwe. Sananame. Ndinasakaniza ndi madeya, makoswe anafa asanu ndi awiri, ndipo wachisanu ndi chitatu, ali dzandidzandi pabwalo, anagwidwa ndi Kapitawo. Madzulo ake mphakayo anali atauma pansi pa thandala. Makoswe otsala anaphunzira kusalawa madeya, n'kukwera kudenga kumene kunali mbewu.

Mu minibasimo munakhala bwalo la milandu. Mayi wina wa kumbuyo anati ndinachita bwino kudula mtengowo, kadzidzi si mbalame yosunga pakhomo. Bambo wachikulire wovala kofia anamutsutsa. Anati iye wagwira ntchito ya ulonda kosungira chimanga zaka zambiri, ndipo pansi pa mtengo wogona kadzidzi amatolapo timibulu taubweya todzaza tizigaza ta mbewa ndi makoswe, zimene mbalameyo imalavula ikadya. Anati kadzidzi amalira pakhomo pamene pali makoswe, ndipo pakhomo pamene pali wodwala mpamene anthu amakhala maso n'kumumva. Mayi uja anati aliyense ndi chikhulupiriro chake, koma padenga lake asatere. Mavuto sanaweruze. Anangochepetsa liwiro podutsa njinga yonyamula makala, n'kundifunsa mwaulemu wonse ngati pojambula mivi ija pabolodi ndinkaikapo pena polowera mankhwala. Ndinayang'ana kunja ngati ndaona chinthu chachilendo m'minda ya nandolo.

Titapatuka kulowa msewu wa Midima tiyi anatha, kunja kukhala minda youma, mitengo ya mango ndi mbuzi zomangidwa pazingwe. Tinaima kanayi kapena kasanu kutsitsa ndi kukweza. Ndinatsika pa Nkando nthawi itangopitirira naini koloko. Mavuto anakana kuti kondakitala andibwezere thumba langa, limene analisunga pokwera paja, ndisanalonjeze kuti ndimudikira pobwerera. Anati akatsitsa ku Limbe n'kudzaza, adzadutsa cha m'ma wanu koloko, ndipo akufuna kudzaona yekha mkwatibwi amene ndavalira jekete.

Sitolo ya Abiti Saidi ili kuseri kwa msika, kupitirira pogulitsira tomato. Amagulitsa mpunga, nandolo ndi nyemba, ndipo kuchipinda chakumbuyo matumba aunjikidwa kufika kudenga. Iwo ndi mayi wamfupi, wa mpango wobiriwira, wolankhula mosathamanga. Anadziwana ndi mkazi wanga kuchipatala pamene onse ankayembekezera ana awo oyamba, ndipo chibale chawo chakhala chotumizirana mbewu ndi nkhani kuyambira pamenepo. Anandikhazika pabenchi, kundipatsa tiyi wamkaka ndi mandasi atatu, kufunsa za ana, za miyendo ya make Limbani, za mvula. Za mphaka sanatchule. Ndinazindikira kuti pakhomopa sindinabwere kudzagula katundu, ndiye ndinadikira ngati munthu wodzafunsira mbeta.

Nditamaliza tiyi ndinapereka kajumbo kaja. Kwa anthu amenewa mphaka sagulitsa. Amati ukamugula ndi ndalama sakhazikika, ndiye wopempha amangobwera ndi kanthu kochokera m'munda mwake. Ine ndinkaganiza kuti tipereke nthochi, koma make Limbani anaumirira pa ngala zitatu zija, zomwe kwa ine zinali ngati kuthandiza makoswe ntchito. Abiti Saidi anazitulutsa, kuzitembenuza, kuzinunkhiza utsi wake, kenako anagwedeza mutu.

"Mnzangayu ndamumva," anatero. "Akuti ngati kwanuko zitheretu, mbewu ya agogo ake ikhaleko kwinanso. Sakukukhulupirirani, aphunzitsi."

Zinandipweteka, chifukwa zinali zoona ndipo ine sindinaziganizire njira yonse.

Kenako mafunso anayamba. Anafuna kudziwa kuti Kapitawo tinamuika kuti. Ndinati mkazi wanga anandikumbitsa dzenje lofika m'chiuno pansi pa nthochi, kuti galu kapena khwangwala asamufukule n'kufa nayenso. Anavomera ndi mutu. Ndinawonjezera kuti nthochi imeneyo tsopano ndi imene yabiriwira kuposa zonse, moti Kapitawo akugwirabe ntchito ali pansi, koma nthabwala imeneyi sanaiseke. Anafunsa ngati mankhwala aja anatha. Ndinati pafupifupi. Anati pafupifupi si yankho. Ndinavomera kuti theka la paketi ndinalibisa pamwamba pa khoma la bafa, poti mwina lingadzafunike. Anandiuza kuti kupereka chamoyo kunyumba imene muli chiphe ndi haramu, choletsedwa pachipembedzo chawo, ndipo anandilamula kuti ndiimbe foni pomwepo, iwo akumva, kuti paketiyo iponyedwe m'chimbudzi.

Ndinaimba. Make Limbani anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Ndinataya tsiku lomwe tinaika Kapitawo. Mumayesa pakhoma paja simufika dzanja la munthu wina?" Abiti Saidi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya mpango.

Amphaka anali atatu, onse atagona pamatumba. Ndinadabwa kuti malo odzaza chakudya chonchi akusungidwa ndi atatu okha, ndipo ndinafunsa chifukwa chake sasunga khumi. Anati anayesapo, koma amawonda n'kuyamba kuba nsomba za anthu kumsika. Matumba ndi ambiri, makoswe amene amabwera kuchokera kumsika ndi ochepa poyerekeza ndi matumbawo, ndipo makoswewo amakhutitsa amphaka atatu basi. Ena onse obadwa amawagawa. Ine zimenezi ndinkaziphunzitsa ndi chithunzi chonga mulu wa mbatata, chotambalala pansi, chosongoka pamwamba, n'kumauza ana kuti chakudya chikamakwera kuchoka pakamwa pena kupita pena chimanka chichepa, chifukwa aliyense amawotchako china poyenda, popuma ndi pothawa adani. Mayiyu sanaonepo chithunzicho, koma ankachidziwa kuposa mwini chokoyo.

Maso anga anagwera pa mphaka wakuda, wamwamuna, wowonda ngati lamba, wa khutu long'ambika. Ameneyo ndiye ankaoneka msilikali. Abiti Saidi sanamuyang'ane n'komwe. Ananyamula wotuwa, wamkazi, wonenepa, amene ngakhale ponyamulidwa sanavutike kutsegula maso onse awiri. Ndinadandaula mwaulemu kuti kwathu kuli nkhondo, ndipo mphaka wokhuta chonchi akangogona. Anandiyankha kuti wopempha sasankha. Anamulowetsa m'thumba, kuboola timabowo topumira ndi mpeni, kumanga kukamwa kwake ndi luzi, kenako anandipatsa lamulo limodzi lokha.

"Osamasula mpaka mulowe m'khitchini n'kutseka chitseko. Akaona njira, abwerera. Mwamva, aphunzitsi?"

Ndinati ndamva. Ndinanenanso kuti ine ndakhala ndikupereka malamulo kwa zaka makumi atatu, sindingalephere kusunga limodzi.

Podikira minibasi ndinadya tchipisi cha K1,000 pachiwaya, thumba lili pakati pa miyendo. Dzuwa linali litafika poswa mtengo. Mavuto anatulukira itadutsa hafu pasiti wanu, minibasi itadzaza kale, mpando wakutsogolo mutakhala anthu awiri. Anandipanikiza pamzere wachiwiri, pafupi ndi mayi wina wochokera ku Limbe amene anali ndi dengu la usipa pamiyendo, akupita nalo kukagulitsa pa Chitakale. Kondakitala anafuna K500 ya katundu, koma Mavuto anamuuza kuti mkwatibwi salipira.

Tisanayende mtunda wautali, thumba linayamba kulira. Sikunali kulira kwa mphaka wamba, kunali kokoka, kwa pansi pa mmero, konga kwa khanda lodwala. Anthu anayamba kusuntha. Mnyamata wa kumbuyo anafunsa mokweza ngati madala anyamula chinthu chololedwa ndi boma. Mayi wa usipa anati iye ali ndi ana aang'ono, sakufuna kukhala pafupi ndi katundu wolankhula. Ndinafotokoza kuti ndi mphaka chabe, koma anati onse onyamula zinthu zotere amanena choncho. Kenako kulira kuja kunasiya mwadzidzidzi, ndipo apa ndi pamene ndinachita mantha enieni. M'minibasimo munali motentha ngati mu uvuni wa njerwa. Ndinagwedeza thumba, zii. Ndinaganiza zokafika pakhomo ndi mphaka wachiwiri wakufa, n'kuona nkhope ya make Limbani, ndipo manja anga anayamba okha kumasula luzi. Ndinkafuna kungosuzumira ndi diso limodzi.

Amene ndinkamuyesa waulesi uja anatuluka ngati mwala wa legeni. Anaponda pachifuwa panga n'kugwera m'dengu la usipa mutu ndi miyendo yomwe. Mayi uja anakuwa, nkhuku imene inali pansi pa mpando wakumbuyo inayamba phokoso lake, wina anatayikiridwa thobwa. Pamene Mavuto amaimika galimoto pambali, mphakayo anali atameza kale usipa wokwanira ndiwo za banja, ndipo anadumpha mapewa a anthu awiri n'kukakhala kutsogolo, pagalasi, akunyambita dzanja. Anakhala pamenepo ngati walipira mpandowo, akuyang'ana msewu, mphambano, phiri, zikwangwani, chilichonse.

Mavuto anagona pachiwongolero ndi kuseka. Atapeza mpweya anati, "Aphunzitsi, apa muvi uloze kuti?" Ndinayankha kuti uchoke kunyanja, udutse mu usipa, ulowe mwa mphaka, ndipo wina uchoke m'thumba la jekete langa kupita kwa mayiwa. Ndinagula mulu wonse umene unapondedwa, mayiwo n'kukhala bwenzi langa mpaka pa Chitakale, akundilangiza kuti mphaka wakuba chonchi ndiye wabwino. Bambo wina anandithandiza kumubwezera m'thumba, koma aliyense m'galimotomo ankadziwa mwambo uja woti mphaka watsopano asaone njira, ndipo aliyense anandiuza kuti basi, waona njira.

Kuchoka pa Boma kupita kwathu sindinayang'anenso tiyi. Ndinkawerenga m'mutu: ngala khumi ndi zinayi, makoswe akudya imodzi kapena ziwiri patsiku, mvula mwina masabata asanu kutsogolo. Mphakayu akathawa mawa, pofika nthawi yodzala kudenga kudzakhala zingwe zokhazokha. Ndinakonza zoti ndisanene chilichonse. Ndinatsika panjinga cha m'ma folo koloko, kulowa m'khitchini, kutseka chitseko monga ndinauzidwira, n'kumasula thumba ndi ulemu wonse.

Make Limbani anagwada, kumusisita mphakayo pamsana ndi pamimba, kenako anamununkhiza kukamwa. Anayang'ana kajumbo ka usipa kamene ndinali nditaika pathandala, n'kuyang'ana luzi, limene mfundo yake sinali ya Abiti Saidi.

"Mwamasula panjira," anatero.

Ndinavomera. Sanakalipe, ndipo kusakalipako kunandiwawa kuposa kukalipa. Anatenga foni n'kutuluka panja. Ndinamumva akufotokoza motsitsa mawu, kenako ndinamva chinthu chimene ndinali ndisanachimve pakhomopo kuyambira tsiku la Kapitawo: ankaseka. Atabwerera anandiuza mawu a mnzakeyo. Akuti mphunzitsi sangayende ndi chinthu chotseka osachitsegula kuti aone, ndipo iwo anadziwa zimenezi ndisanamalize n'komwe tiyi. N'chifukwa chake sanandipatse wakuda uja, amene akanafika ku Nkando ine ndisanavule nsapato. Anandipatsa wa bere lotsala masiku, woti ngakhale aone njira yonse mpaka ku Limbe, alibe kopita.

M'mawa mwake tinapeza chitsononkho chimodzi pansi, zitatsala khumi ndi zitatu. Lachisanu sitinapeze kanthu koma mchira wa khoswe pafupi ndi mafuwa. Loweruka mphakayo anasowa, mtima wanga n'kukhala m'mwamba tsiku lonse, mpaka madzulo pamene tinamva timawu m'chipinda chosungiramo makasu. Anali ataswa ana anayi m'katoni ya mabuku anga akale, pamwamba penipeni pa tchati chimene ndinkapachika m'kalasi, chokhala ndi dzuwa, udzu, chiwala ndi mivi yake. Sindinachichotse. Mphaka woyamwitsa amasakira mimba zisanu, ndipo kuyambira sabata imeneyo kudenga kunakhala bata.

Tchaticho ndimachiona tsiku lililonse ndikamakasuzumira anawo, ngakhale tsopano chadetsedwa moti sichingapachikidwenso. Ndaona kuti pazaka zonse zija munthu ndinkamujambula kumapeto, atatsegula pakamwa, mivi yonse ikuthera mwa iye. Sindinamujambulepo atagwira nkhwangwa kapena kapaketi ka pa Chonde, ataima pakati pa mzere n'kumadula. Chitsa cha mapeyala chija chaphukira nthambi zitatu. Mnansi wina anandilangiza kuti ndichiwotche zisanakule, ndipo ndinamuuza kuti ndaiwala kumene ndinaika machesi. Kuti mudzakhalenso mphako papita zaka zambiri, mwina ine kulibe, koma chikhale.

Mvula yodzalira inagwa kumapeto kwa Novembala. Tinatsitsa ngala khumi ndi zitatu zija, zonse zathunthu, n'kuzitonola pamphasa awiriwiri, mphaka ali m'mbali akutiyang'anira. Abiti Saidi anatumiza uthenga kuti zawo zitatu adzala kuseri kwa sitolo. Tsiku lodzala ndinadzuka m'mamawa kukatenga makasu, ndipo ndinakumana ndi make Limbani pakhomo la khitchini, pomwe anaima tsiku la ulendo lija. Ndinaima kudikira nambala, mwachizolowezi. Anandiyang'ana, n'kukonza mpango kumutu.

"Mwadzuka bwanji, bambo a Limbani?"